Anthu Anayi, Timitengo Tisanu ndi Kamodzi

Munthu amene ndinamuchitira nsanje Loweruka masana, pofika folo koloko anali atafa.

Ndinali pa tebulo langa la pakona ku Hai Bo, malo odyera amene mlendo aliyense m'tauni yathu ya pamalire amayamba kufunsa asanafunse kogona. Mzere wa anthu unafika mumsewu monga mwa nthawi zonse, njinga zamoto zitamutsekera khomo wosoka nsapato, fungo la prahok, nsomba yovunditsa ija, likuwoloka mtsinje wa Hau. Chikwangwani cha pakhomo chinalembedwa kawiri, Chiviet pamwamba, Chikhmer pansi. Ine ndine Khiem, wapolisi wofufuza milandu, ndipo kwa zaka makumi awiri ndadya pamenepo Loweruka lililonse, ndekhandekha, yunifomu nditaisiya kunyumba.

Pa tebulo loyandikana ndi langa, nambala seveni, panakhala anthu anayi. A Sau Triem, eni maiwe a milamba kumtunda kwa mtsinje, mdala wa zaka 74 wonjenjemera manja koma osati lilime. Mwana wawo Tuong. Mkazi wa Tuong, dzina lake Xuyen. Ndi mayi Muoi, aja amapezera atsikana athu amuna akunja.

"Mumuuze Mkhmer wanuyo abwere nawo yekha mphikawo," anatero a Triem kwa woperekera zakudya. Ankatero ulendo uliwonse.

Wophika, mayi Neang Sa Ret, anatuluka m'khitchini atanyamula mphika wa lau, msuzi wodyera pamodzi uja, ukufuka nthunzi, nauika pa kambaula ka pakati pa tebulo, nayala mbale zinayi.

"Lero tasamba m'manja?" mdala uja anafunsa mokweza kuti amve onse. "Kapena fungoli si la nsomba, ndi lanu?"

Mayi Muoi anaseka mpaka kugwira pachifuwa. A Sa Ret anabwerera kukhitchini, ndipo ine ndinaloza maso m'mbale yanga. Ndinene pano, chifukwa kwina konse sindinanenepo: a Sa Ret ndi mayi anga aang'ono, mng'ono wa malemu mayi anga. Bambo anga anali Mviet. Ndinatenga dzina lawo ndi chinenero chawo, ndipo polowa ntchito ndinalemba pafomu mtundu umodzi wokha. M'tauni muno palibe ankadziwa. Ndinkadya zophika za mayi angawo, n'kutuluka osawapatsa ndi moni womwe.

Kenako ndinaona chimene chinandilasa mtima. Xuyen anapukuta timitengo todyera ndi kachidutswa ka ndimu, nagawira aliyense kuyambira wamkulu. Nsomba itapsa anatembenuza timitengo take, monga achitira mwana woleredwa bwino, kuti atole ndi kumutu kokhuthala kumene sikufika pakamwa, natula mnofu wofewa m'mbale ya apongozi ake.

"Idyani, bambo. Apa palibe minga."

Anachita zimenezi kanayi kapena kasanu, pakati pake akudyako yekha. Ine, wopanda mkazi, wopanda mwana, ndinati mumtima: nkhalamba yamwano iyi ikudyetsedwa chonchi, nanga ine adzandichotsera minga ndani? Nsanje yeniyeni, sindikubisa.

Mphika usanafike pakati, a Triem anagwetsa mbale, nagwera chagada ndi mpando womwe, thovu likutuluka m'kamwa. Anthu anakuwa, ana analira, wina anagubuduza tiyi. Ndinagwada n'kuwamasula malaya. Tuong anangoima manja ali m'mutu. Xuyen ndinamuona akutola zipewa, mafoni ndi zina za pa tebulo n'kumaika m'chikwama chake, ndipo ndinati mumtima, taonani, ngakhale pa tsoka mutu wake ukugwira ntchito.

* * *

Lolemba m'mawa abwana anandiitana, tiyi wawo ali m'manja.

"Nkhani yatha, Khiem. Dokotala akuti ndi mankhwala a makoswe. Msuzi wa mumphika ulibe kanthu, masamba alibe kanthu, tiyi alibe kanthu. Chiphe chapezeka m'mbale ya mdala yekha. Anayala mbale ndani? Wophika. Anatukwanidwa pamaso pa anthu sikisite ndani? Wophika. Paketi ya mankhwala a makoswe yapezeka kuti? Kukhitchini. Ukufuna chiyaninso, akuimbire nyimbo?"

"Wavomera?"

"Sakulankhula. Amenewa akati duu, ndi duu. Lachitatu m'mawa mapepala akupita kuchigawo, iyenso limodzi."

Kuchigawo munthu wopha ndi chiphe sabwerako. A Sa Ret anali ndi zaka 61 ndi chifuwa chosamva mankhwala. Panja pa geti anthu anali atagamula kale mlandu. "Akhmer ndi mankhwala n'chimodzimodzi." "Ndani akudziwa zimene takhala tikudya zaka zonsezi?" Anthu omwewo amene Loweruka ankapondana zala pamzere! Ndikanati ndi mayi anga, abwana akanandichotsa pa mlanduwo nthawi yomweyo, choncho ndinakhala chete. Zinandinyansa kuti mantha anga a zaka zonsezi tsiku limenelo anaoneka ngati nzeru.

"Ndipatseni masiku awiriwa nditseke mabowo," ndinatero.

"Tseka. Koma usakumbe ena."

Woyamba anali Xuyen, amene anabwera yekha kudzasaina umboni wake. Anakhala m'mphepete mwa mpando, mawondo pamodzi, chikwama pamiyendo, ndipo ankayankha motsitsa mpaka ndinazimitsa fani kuti ndizimva.

"Ndinadya zimene anadya bambo, bwana. Mumphika womwewo, ndi timitengo tomweto. Ndikanakonda chikanagwera ine."

"Munaona chachilendo?"

"Sindikonda kunena zoipa za munthu." Anayang'ana pansi. "Kungoti poyala mbale, chala cha mayi ophika aja chinalowa m'kati mwa mbale ya bambo. Mwina ndi mwangozi. Akuluakulu manja amatopa."

Potuluka anawerama kawiri, nandipepesa kuti wanditayira nthawi.

* * *

Mwini wa Hai Bo, mayi Bay Nguyet, ndinawapeza panja akuyang'anira munthu wa penti amene ankayeza chikwangwani ndi chingwe.

"Bwana Khiem, ine Sa Ret ndimamutenga ngati mchemwali wanga weniweni. Zaka makumi awiri ndi ziwiri! Chichitikireni izi chakudya sichikutsika pakhosi. Koma munthu, eee, umangomuona kumaso."

"Mankhwala a makoswe anagula ndani?"

"Khitchini iti ya m'mphepete mwa mtsinje ilibe mankhwala a makoswe? Ndinagula ndine, koma zimenezo musalembe, zingamveke moipa."

"Pa tebulo seveni anakhalapo ena m'mawa?"

"Ayi, linasungidwa kuyambira Lachinayi. Ndinakonza ndekha. Masupuni khumi, timitengo makumi awiri m'chitini. Ndimawerenga ndi dzanja langali, chifukwa makasitomala athu aulemuwa amaba ngakhale zotokosera m'mano."

"Nanga chikwangwanichi chalakwa chiyani?"

"Aa, changosuluka ndi dzuwa."

Dzuwa lanzeru, inu, losulutsa mzere wapansi wokha.

Tuong ndinamupeza ku maiwe atakhala pa thumba la chakudya cha nsomba, bambo wa zaka 48 amene sanasankhepo yekha ngakhale mtundu wa malaya.

"Munkakondwerera chiyani Loweruka?"

"Bambo ankati tidye bwino, poti Diem wapeza mwamuna."

"Diem ndi mwana wanu? Wa zaka zingati?"

"Naintini. Mwamunayo ndi wakunja, ali ndi fakitale ya mapaipi. Ali ndi zaka fifite seveni, koma bambo ankati akuoneka wachinyamata."

"Mayi ake anavomera?"

"Bambo ankati mkazi savomera, amangomva." Anakanda m'mutu. "Mkazi wanga analira masabata awiri, kenako anasiya. Ndiye amake Diem omwewo ndi amene anapempha kuti tikadye ku Hai Bo. Bambo ankafuna tikadye kwina, kwa Mtchaina wowotcha abakha uja. Ndinadabwa, chifukwa chikwatiranireni sanapemphepo kanthu."

"Munaona wophika akuika china m'mbale?"

"Sindinaone. Koma bambo ankati Akhmer..."

"Bambo anu anamwalira, a Tuong. Ndikufunsa inu."



Mayi Muoi anali ku saluni, mutu uli m'zopiringizira tsitsi, akuswa nthanga za mavwende ndi mano.

"Ine ndinadya, bwana, sindinama, ndinadya kawiri! Mabiringanya, nsomba, nkhumba, duwa la nthochi, zonse mumphika womwewo. Chikanakhala mumphika bwenzi pano mukufunsa mtembo. Ndi Mkhmer uja, anapaka m'mbale. Amadziwa zinthu anthu amene aja."

"Xuyen anadya?"

"Anadya, ndinamuona ndi maso angawa. Timitengo tomwe ankapatsira apongozi ake ndi tomwe ankalowetsa pakamwa pake. Koma kadyedwe kake, mayo! Timitengo kugwirira pansi penipeni ngati mwana wophunzira kumene. Masamba osakhudza ndi dzanja, ine ndi amene ndinkamuthyolera. Kansalu konyowa kopukutira m'manja anaitanitsa katatu. Ndinati, 'Iwe mwana, wabwera kudzadya kapena kudzasamba?' Koma ulemu, bwana! Atengwa otere anatha. Mwana wake akatengera theka lokha, kasitomala wanga uja wapata."

"Ndiye ukwati waimitsidwa, poti kwagwa maliro," ndinatero.

Analavula khoko la nthanga, naseka. "Bwana, inu fufuzani za akufa. Za amoyo tisiyireni ife."

Nditabwerera ku ofesi ndinatsegula matumba a pulasitiki momwe anzanga anaikamo zonse za pa tebulo seveni. Mbale zinayi. Makapu anayi. M'chitini, timitengo toyera tosagwira ntchito, khumi ndi tinayi. Tothimbirira ndi msuzi, tisanu ndi kamodzi. Ndinawerenga katatu. Makumi awiri ndendende, monga ananenera mayi Nguyet, palibe kosowa.

Pa tebulo lija anadya anthu anayi. Wachinayi anadya ndi chiyani?

* * *

M'chitokosi a Sa Ret anakhala pansi atapinda miyendo, mpango wawo wa mizeremizere uli paphewa. Ndinauza wolondera kuti akamwe khofi.

"Mayi," ndinatero m'Chikhmer. Lilime linalemera, poti zaka zinali zitapita zambiri.

"Bwana akufuna chiyani?" anayankha m'Chiviet.

"Mayi, chonde."

"Loweruka sindinali mayi. Loweruka unkawerenga mpunga m'mbale yako." Anakhosomola nthawi yaitali. "Achemwali anga anakuberekera pa mkeka wanga, iwe. Mchombo wako ndinakwirira ndine."

Ndinakhala nawo pansi pomwepo.

"Munawapha a Triem?"

"Ndikanafuna kumupha galu ameneyu ndikanamupha kalekale, ndipo osati m'chakudya changa. Prahok ija ndimavunditsa chaka chathunthu. Ndiiwonongere Triem?"

Ndinawauza za timitengo. Wina anabwera ndi take, nabwerera nato, ndipo wogawa timitengo pa tebulo lija anali Xuyen. "Koma iye ankadya ndi tomweto," ndinatero. "Mayi Muoi anaona, inenso ndinaona. Ngati chiphe chinali pa timitengo, bwanji iye sanafe?"

A Sa Ret anandiyang'ana kumaso koyamba, naseka kaseko kowawa.

"Wakhala Mviet mpaka maso achita khungu. Kwathu mpunga timadya ndi supuni, cholowa m'kamwa mwako wadziikira wekha. Inu ndi ulemu wanuwo, kamtengo kamodzi mumakapatsa mbali ziwiri, ina yako, ina ya mnzako. Ine pa kawindo ka kukhitchini ndimaona manja okhaokha tsiku lonse. Kutembenuza amatembenuza onse, koma akamadya okha amagwira kumtunda. Mtsikana uja Loweruka kumutu kwa timitengo take ankakuopa ngati moto."

"Bwanji simunanene?"

"Kwa ndani? Mkhmer aloze chala mtengwa wa a Triem? Ndinkadikira ndione ngati mwana wa achemwali anga abwera."

Ndinatuluka m'chitokosi muja. Ndinali nditaonerera munthu akuphedwa, kanayi kapena kasanu, mamita awiri kuchokera pamene ndinakhala, ine n'kumasirira. Koma maso a wophika womangidwa si umboni. Ndinkafunika timitengo tiwiri, tsiku linatsala limodzi, ndipo mtsinje wa Hau umameza zazikulu kuposa zimenezo.

* * *

Lachiwiri m'mawa ndinapita kunyumba kwa a Triem ndikuyembekeza nsalu zoyera kumutu ndi ng'oma za maliro. Ndinapeza geti lokutidwa ndi masamba a kokonati ndi maluwa ofiira, matebulo ozungulira pabwalo, zokuzira mawu zikuimba nyimbo ya chikondi.

Unali ukwati wothawa maliro. Mdzukulu akamanga nsalu yoyera kumutu sakwatiwa mpaka chaka chithe. Koma nsaluzo zisanagawidwe, maliro asanalengezedwe, wakufayo amatengedwa ngati wangogona, ndipo ukwati ungachitike msangamsanga, bola wina asalire mokweza. Ndi chimene ankaseka mayi Muoi ku saluni kuja.

"Ndaganiza ndekha," Tuong anandiuza pageti, atavala suti yomukulira, nkhope ikuwala. "Ndege ya mkamwini ndi ya Lachisanu. Ndati tisamuchedwetse munthu."

Tsiku loyamba kuganiza yekha m'moyo wake wonse, n'kuganiza zimenezi.

Ndinapempha kukafukiza lubani. Mtembo unali m'chipinda cha kumbuyo, chitseko chotseka, makina oziziritsa akulira. Kumutu kwake kunali kandulo, dzira lowiritsa, ndi mbale ya mpunga ya wakufa, timitengo tiwiri titazikidwa chilili pakati monga mwa mwambo. Mbale imeneyo palibe amaikhudza, ngakhale mwana wopulupudza. Ndinawerama katatu, ndipo powerama kachitatu ndinaona nyerere. Zinkakwera mbale, zina n'kupitirira mpaka pamwamba pa timitengo, ndipo pa mpunga woyera uja panali nyerere zakufa mbwee. Kwa a Triem amadyera timitengo takuda ta nsonga zasiliva, ndinali nditationa pa matebulo panja. Iti tinali ta mtengo wa kokonati, tofanana ndi ta ku Hai Bo, kumutu kwake kutasintha mtundu.

"Musakhudze ndi manja," anatero mawu kumbuyo kwanga.

Xuyen anaima pakhomo atavala diresi lalitali la silika, lija amavala make wa mkwatibwi. Analowa, natseka chitseko pang'onopang'ono kuti chisalire.

"Munali ndi masiku atatu ndi mtsinje wonse," ndinatero. "Bwanji simunataye?"

"Ndinafuna akadye nato kumene akupitako. Zaka makumi awiri ndawadyetsa ndi kumutu kwa timitengo. Tsopano adzidyetse okha."

Ankalankhula motsitsa ngati dzulo lake, manja atagwirana pamimba.

"Ndinagwada, bwana. Ndinati mwana amalize kaye sukulu ya unamwino, kwatsala chaka chimodzi. Anandithira tiyi kumaso. Ndiye ndinaganiza kuti akamwalira, maliro ndi chaka chathunthu. Chaka chimodzi, Diem wamaliza, wapeza ntchito kumzinda, mwamuna uja watopa n'kutenga wina. Sindinkafuna zambiri. Chaka chimodzi basi." Anapendekera khutu ku nyimbo ya panja. "Sindinkadziwa kuti amuna anga amatha kuganiza."

"Nanga wophika uja?"

Anatembenukira ku mbale ya mpunga ija.

"Munasankha Hai Bo dala."

"Ndinkadziwa kuti apongozi amutukwana, ndipo anthu aloza kukhitchini okha, osawauza. Ndinati, ndi Mkhmer, wakalamba, alibe mwana. Palibe amene adzamulire."

Ndamangapo akuba, ndamangapo opha ndi zikwanje, koma sindinafunepo kumenya munthu monga ndinafunira kumenya mayi waulemu ameneyu. Chinandiwawa koposa n'chakuti sanalakwitse. Anaona chimene tauni yonse inkaona, nkhalamba yopanda wake, ndipo amene anachititsa kuti zioneke choncho ndinali ine.

"Ali naye mwana," ndinatero. "Ndine."

Anayang'ana kuchitseko. Kenako anatambasula manja onse awiri.

"Ndiye ndimangeni. Koma osati muno. Panja, pamaso pa mkamwiniyo, unyolo uoneke. Ndani angatenge mwana wa munthu wakupha? Chonde, bwana, chimenechi chokha."

Ndinamuchitira. Ndinakulunga timitengo m'pulasitiki, ndinamudutsitsa pakati pa matebulo unyolo uli m'manja, ndinatchula mlandu wake mokweza kuposa zokuzira mawu. Nyimbo inazima. Diem, atavala zofiira, nkhope yoyera ndi paudala, anakuwa kuti "Mayi!" koma azakhali ake anamutseka pakamwa, poti kulira n'koletsedwa. Mkamwini, bambo wadazi wa thukuta pamphuno, anatembenukira kwa womasulira. Mayi Muoi anafika pakhutu pa womasulirayo ine ndisanafike. Chimene anauzidwa bamboyo sindikuchidziwa mpaka lero. Anangogwedeza mutu, nayang'ana wotchi yake.

Galimoto ya akwati inanyamuka leveni koloko, Diem ali momwemo. Xuyen anaionera pawindo la galimoto yathu.

* * *

A Sa Ret anatuluka Lachitatu masana, m'malo mopita kuchigawo. Loweruka anavala epuloni yawo yochapa, ndipo ndinawakweza pa njinga yanga yamoto mpaka ku Hai Bo. Mzere unali utabwerera mumsewu. Chikwangwani chinali chatsopano, chonyezimira, cha mzere umodzi.

"Mchemwali wanga!" Mayi Nguyet anawakumbatira pakhomo, koma pakhomopo sanasunthepo. "Ndinkadziwa ine kuti si iwe. Kungoti anthu, ukuwadziwa anthu. Akuti mtengwa waulemu ngati uja sakanachita yekha, alipo anamudyetsa mankhwala omuzunguza mutu. Ine sindikhulupirira zimenezo, koma bizinesi ndi anthu. Upume kaye, chifuwa chakocho chikufuna mpumulo. Mipeni yako ndakumangira bwinobwino."

A Sa Ret analandira mtolo wa mipeni. Ndinawatulutsa m'chitokosi, koma dzina lawo linatsala momwemo.

"Pa tebulo seveni pali anthu?" ndinafunsa.

"Palibe akufuna kukhalapo, bwana."

"Tikhalapo ife. Lau ya anthu awiri." Kenako ndinatembenuka n'kunena m'Chikhmer, mokweza kuti amve mpaka a pamzere: "Mayi, tiyeni tikadye."

Matebulo oyandikana anati zii. Mayi wina anakokera mwana wake kufupi. Mnzanga wa kuntchito amene ankadya pakona anasiya kutafuna. A Sa Ret anakhala pampando mosamala, mipeni ili pamiyendo, nayang'ana denga, mafani, ndi kawindo ka kukhitchini. Zaka makumi awiri ndi ziwiri m'nyumba imeneyi, kawindo kaja anali asanakaonepo atakhala mbali ino.

Mphika unabwera. Ndinalawa biringanya. Wophika watsopano sanaikemo prahok, ndipo msuzi unali wotsekemera, wopanda mutu. Nsomba itapsa ndinati nditole mumphika, ndipo dzanja langa, losaphunzira kanthu, linatembenuza lokha timitengo.

A Sa Ret anaphimba mbale yawo ndi chikhatho.

"Ulemu umenewo usunge," anatero. "Ngati ndine mayi ako, ndipatse ndi mbali imene wadyera iwe."

Ndinatembenuzanso, n'kutula nsomba m'mbale yawo anthu onse akuona. Anatafuna pang'onopang'ono, nameza, maso ali pa kawindo kaja.

"Wachedwa zaka makumi awiri," anatero, "n'kudzandikhazika pa msuzi wa madzi okhaokha."